DZINO LIKAGULUKA: MLATHO KAPENA MUZU WACHITSULO?

Pamudzi wina kufupi ndi Namitambo, m'boma la Chiradzulu, pali mtsikana wa zaka 16 amene kale ankaima patsogolo m'kwaya ya achinyamata, koma masiku ano amasankha mzere wakumbuyo, ndipo akafuna kuseka amayamba waphimba pakamwa ndi dzanja. Adagwa pa njinga potsika chitunda akuchokera kuchigayo, namenyetsa pakamwa pamwala, ndipo dzino limodzi lakutsogolo, lam'mwamba, lidaguluka lonse ndi muzu womwe. Bala la pamlomo lidapola m'masabata aŵiri. Gweru ndiye lidatsala.

Gwerulo lidautsa mtsutso pabanja. Amalume ake, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, adatumiza mau pafoni kuti mwana wa mlongo wawo sangakhale wagweru iwo ali moyo, ndipo adati kumeneko madokotala amabzala dzino m'fupa, ndalama zake iwo adzazipeza. Bambo ake adamva kwa mnzawo wa ku Limbe za njira ina, yokoloŵeka dzino latsopano pa mano oyandikana nalo, ndipo adaikonda popeza simuloŵa mpeni. Agogo ake, amene iwo eni atsala ndi mano oŵerengeka, adangoti nsima imadyeka ndi gweru lomwe, mbuzi zisachoke m'khola chifukwa cha dzino limodzi. Ife tidafika pakhomopo nkhani ili pakati, ndipo titamva mbali zonse tidaona kuti aliyense mwa atatuŵa adali ndi mfundo yake yomveka, koma onse ankakangana za njira asanayang'ane m'kamwa mwa mwanayo. Nchifukwa chake tati tikambirane nanu nkhaniyi, inu makolo ndi inu achinyamata, pakuti njinga, mpira ndi kubooka kwa mano sizisankha mudzi.

Choyamba tinene chimene chidatimvetsa chisoni. Dzino lija adalitola, nalikulunga m'pepala, nkulisunga pawindo masiku atatu. Akadadziŵa, mwina nkhani yonseyi sikadakhalapo. Dzino lachikulire likaguluka lathunthu pangozi likhoza kubwezeredwa pamalo pake nkugwiranso, makamaka ngati zachitika ora limodzi lisanathe. Muligwire kumutu kwake koyera, osati kumuzu. Ngati lagwera pafumbi mulitsukuluze pang'ono ndi mkaka kapena madzi abwino popanda kulipala, mulikankhire m'dzenje lake, munthuyo alume kansalu koyera, ndipo muthamange naye kuchipatala. Mukachita mantha kulibwezera, liikeni m'kapu ya mkaka kapena m'malovu a mwiniwake, chifukwa chimene chimapha muzu ndi kuuma. Zimenezi nza mano achikulire okha. Mano 20 a ubwana, aja ambiri a ife tinkaponya padenga, sabwezeredwa, kuopa kuvulaza dzino latsopano limene likudza pansi pake.

Gweru silikhala chete

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, kuphatikizapo 4 akumapeto amene amamera mochedwa, ndipo mwa anthu ena samera konse. Manoŵa amatsamirana monga njerwa za khoma. Limodzi likachoka, oyandikana nalo amayamba kupendekera kumpatako pang'onopang'ono, ndipo la kunsagwada inayo, posoŵa lokumana nalo, likhoza kutalika. Fupa limene linkagwira muzu nalonso limafota, popeza lasoŵa ntchito, ndipo kufotako kumafulumira kwambiri m'miyezi 6 yoyamba. Gweru lakutsogolo limasokonezanso malankhulidwe. Yesani kunena "tsiku" kapena "fisi" mukumvetsera kumene lilime ndi mlomo zikugunda, ndipo mudzamvetsa chifukwa chimene mtsikana uja adathaŵira mzere wakutsogolo.

Mlatho

Njira imene bambo aja adamva madokotala amaitcha bridge, ndiye kuti mlatho, ndipo dzinali nloyenera. Monga mlatho wa pamtsinje umakhala pa mizati iŵiri, wina tsidya lino wina tsidya ilo, dzino latsopano limakhala pakati, litagwirizika ku mano aŵiri a m'mbali mwa gweru. Dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, napala mano aŵiriwo mbali zonse mpaka atachepa ngati zitsa. Kenaka amatenga chikombole cha m'kamwa, ndipo mmisiri wa mano amaumba mano atatu olumikizana, kaŵirikaŵiri a chitsulo chokutidwa ndi dothi loyera lootcha longa la makapu a tiyi. Aŵiri akumbali amakhala obooka mkati ngati zisoti, ndipo amavekedwa pa zitsa zija nkumatidwa kuti asachokenso. Ntchito yonse imatha m'maulendo aŵiri kapena atatu, m'masabata oŵerengeka, popanda kung'amba nkhama.

Zikumveka zokoma, koma taganizani za mizati ija. Chikuto choyera cholimba cha kunja kwa dzino chikapalidwa sichimeranso mpaka kalekale. Munthu amene adataya dzino limodzi amatuluka m'chipindamo mano ena aŵiri atasanduka zitsa zimene sizingakhalenso zosavala chisoti moyo wake wonse. Mwa mano opalidwa chotere, ena amafa mkati patapita zaka, nafunika chithandizo china. Ndipo ngati kubooka kwayamba m'mphepete mwa chisoti chimodzi, kumene mswachi sufika bwino, mlatho wonse umagwa, ndipo gweru la dzino limodzi likhoza kusanduka la aŵiri. Tsono ife tikuona kuti mlatho wotere ngwanzeru pamene mano a m'mbaliwo ngoonongeka kale, othyoka kapena omatidwa kwambiri, oti ngakhale popanda gweru akadafunika zisoti. Pamenepo simutaya kanthu. Koma mano a mtsikana wa ku Namitambo uja ngathunthu, opanda banga, ndiponso mwa mwana wa msinkhu umenewo mtima wa dzino, muja mukhala mitsempha, umakhala waukulu ndi wapafupi ndi kunja. Kupala mano otero nkugwetsa nyumba ziŵiri zabwino pofuna njerwa zomangira khitchini.

Pali mlatho wamtundu wina umene anthu ambiri sadaumve, ndipo ngwofunika kuufunsa. Dzino latsopano limakhala ndi kaphiko kopyapyala kamene kamamatidwa kuseri kwa dzino loyandikana nalo, kosaoneka munthu akamaseka, ndipo dzino logwiriralo limapalidwa pang'ono chabe kapena osapalidwa nkomwe. Maganizo ake adayamba ndi dokotala wa ku France, Alain Rochette, mu 1973, ndipo adakonzedwanso ku University of Maryland ku America kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, kotero kuti ambiri amautcha Maryland bridge. Umayenera bwino pa dzino limodzi lakutsogolo, makamaka kwa achinyamata. Vuto lake nlakuti ukhoza kumatuka, koma ukamatuka umamatidwanso, ndipo dzino logwirira limakhala likadali lamoyo.

Muzu wachitsulo

Njira ya amalume aja dzina lake ndi implant. Ife tiitcha muzu wachitsulo, chifukwa ndi chimene ili: kachitsulo ka mazinga konga sikuluu, kamene kamaloŵetsedwa m'fupa la nsagwada pamene padali muzu, ndipo pamwamba pake amamangapo dzino.

Mbiri yake njodabwitsa. Mu 1952 dokotala wina wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, ankafufuza za kayendedwe ka magazi m'mafupa, ndipo adaika tizipangizo ta chitsulo cha titaniyamu m'mafupa a miyendo ya akalulu. Atafuna kutichotsa adalephera, pakuti fupa lidamera nkugwirana ndi chitsulocho ngati chinthu chimodzi. Wina akadangodandaula kuti zipangizo zake zatayika, koma iye adaona kuti wapeza chitsulo chimene thupi silichikana. Mu 1965, mumzinda wa Gothenburg, adaika mizu yotere m'nsagwada ya munthu woyamba, Gösta Larsson, amene adakhala nayo zaka zoposa 40 mpaka imfa yake mu 2006. Madokotala a maiko ena adachedwa kukhulupirira, ndipo njirayi idafala pambuyo pa msonkhano waukulu umene udachitika ku Toronto mu 1982.

Ubwino wake waukulu ndi umodzi, ndipo si waung'ono: mano oyandikana nawo sakhudzidwa. Dzino latsopano limaima palokha, limatsukidwa monga anzake, ndipo limathandiza kuti fupa la pamalopo lisafote msanga. Kwa munthu wamkulu wathanzi, wa mano abwino m'mbali zonse za gweru ndi fupa lokwanira, palibe njira ina yoposa imeneyi. Amalume aja sadaname.

Koma pali zambiri zimene foni ya ku Johannesburg siidanene. Iyi ndi opaleshoni, ngakhale ili yaing'ono. Dokotala amayamba wajambula nsagwada kuti aone kukula kwa fupa ndi pamene padutsa mitsempha. Amang'amba nkhama, naboola fupa, naloŵetsa chitsulo. Kenaka pamafunika kudikira, kaŵirikaŵiri miyezi 3 mpaka 6, kuti fupa ligwirane ndi chitsulocho, ndipo pamenepo mpamene dzino lenileni limaikidwa. Ngati gweru lakhalitsa ndipo fupa lidafota, amayamba awonjezera fupa, ndipo miyezi imachulukanso. Mtengo wake umaposa wa mlatho, ndipo ntchitoyi simuipeza m'zipatala zathu zazing'ono za kumidzi. Oifuna amapita ku zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu, ndipo ena amakachitira kunja. Tsono poŵerengera ndalama musaŵerenge za dokotala zokha. Ŵerengani minibasi ya ku Limbe ndi ku Blantyre kupita ndi kubwera, ya wodwala ndi womperekeza, kangapo konse, ndiponso masiku osiya kumunda, mwina pakati pa dzinja udzu utakula.

Pali funso lina limene ife timaliona lalikulu kuposa la mtengo. Muzu wachitsulo ukaikidwa ku Johannesburg, adzauyang'anira ndani kuno? Kasikuluu kogwira dzino kamatha kukhwefuka, dothi lija limatha kubenthuka, ndipo makampani opanga mizu imeneyi ngambiri, aliyense ndi zomangira zakezake. Dokotala wa ku Blantyre, ngakhale akhale katswiri, sangamange chimene alibe chomangira chake. Amene wasankha kukachitira kunja abwere ndi pepala lolembedwa bwino dzina la kampani, mtundu ndi kukula kwa chitsulo chimene chili m'nsagwada mwake, ndipo alisunge pamodzi ndi makalata ofunika a pabanja.

Si thupi lililonse limene limalandira chitsulochi mofanana. Osuta fodya, odwala nthenda ya shuga imene siikusamalidwa bwino, ndi amene nkhama zawo zimatuluka magazi mano nkumagwedera, ali pachiopsezo chachikulu choti muzuwo ulephere kugwira kapena udzazuke pambuyo pake. Chitsulo sichibooka monga dzino, koma nkhama ndi fupa lochizungulira zimadwala ngati munthu satsuka m'kamwa, ndipo nthendayo imadya fupa mwakachetechete. M'boma lathu lino, m'mene mankhwala a ARV adayamba kuperekedwa mu 2001, tili ndi abale ambiri amene akhala akumwa mankhwalaŵa zaka zochuluka ali athanzi. Kumwa ma ARV pakokha sikuletsa munthu kulandira chithandizo chotere, koma dokotala wa mano ayenera kuuzidwa za mankhwala onse amene mukumwa, osabisa ngakhale amodzi.

Ndipo kwa mtsikana wathu uja pali chinthu chimene chidathetsa mtsutso wonse. Nsagwada ya mwana wa zaka 16 ikadakula. Mano achibadwa amayenda pamodzi ndi fupa likamakula, koma muzu wachitsulo umakhala pomwe adaukhomera, monga chikhomo cha m'malire a munda. Patapita zaka, mano ena atatsika, dzino lija limaoneka lalifupi ndi lobisala m'nkhama, pamalo penipeni poonekera munthu akaseka, ndipo kulikonza nkovuta. Nchifukwa chake madokotala amadikira mpaka munthu atasiya kukula, zaka 18 kapena kuposerapo, ndipo anyamata kaŵirikaŵiri amachedwa kuposa atsikana. Achinyamata inu, ngakhale ndalama zitagwa kuchokera kumwamba lero, nthaŵi yanu ya muzu wachitsulo siinakwane.

Anthu amakonda kufunsa kuti pa ziŵirizi chokhalitsa nchiti. Kafukufuku wa kumaiko kumene njirazi nzofala amaonetsa kuti pa milatho 10 iliyonse, pafupifupi 9 imakhala ikadalipo patatha zaka 10, ndipo mizu yachitsulo imafika pomwepo kapena kupitirira pang'ono. Kusiyana kwake kwenikweni kuli pa chimene mumataya tsiku limene zalephera. Muzu wachitsulo ukalephera mumataya ndalama ndi fupa la pamalopo. Mlatho ukalephera mukhoza kutaya dzino lanu lachibadwa. Kumbukiraninso kuti ziŵerengerozi nza anthu amene amaonana ndi dokotala wa mano chaka ndi chaka, zimene ambiri a ife sitichita.

Agogo nawonso sadalakwe

Pakati pa mkangano wa mlatho ndi chitsulo, banja lija lidaiŵala njira yakale imene tonse timaidziŵa, ya mano ovula. Dzino limodzi kapena angapo amamangidwa pa kambale ka pulasitiki kofiirira ngati nkhama, kamene kamatsamira kumwamba kwa kamwa. Ndiyo njira yotsika mtengo pa zonse, siipala dzino lililonse, ndipo imasunga mpata kuti mano a m'mbali asapendekeremo pamene mwana akudikira kukula. Ili ndi zovuta zake. Masiku oyamba lilime limadabwa, mau amatuluka achilendo, nzimbe ndi chimanga chokazinga zimafuna kusamala. Kambaleko kamavulidwa usiku uliwonse, kutsukidwa ndi kugonekedwa m'madzi, chifukwa kugona nako kumadwalitsa nkhama, ndiponso kakakhala kakang'ono kapena kothyoka munthu akhoza kukameza ali m'tulo.

Nanga kungolisiya gwerulo? Pa dzino lakutsogolo la mtsikana, ife sitikadavomereza, chifukwa manyazi a mwana si chinthu chochinyoza, ndipo amene akuti nkukonda kudzikongoletsa aiŵala kuti mwanayu adzaima pamaso pa anthu pofuna sukulu ndi ntchito. Koma likadakhala dzino lakumbuyo la munthu wachikulire, mau a agogo akadakhala ndi mboni zamphamvu. Mu 1981 dokotala wa ku Netherlands, Arnd Käyser, adaonetsa kuti munthu amene ali ndi mano onse akutsogolo ndi otafunira ang'onoang'ono oyandikana nawo amatha kudya bwino ngakhale akuluakulu akumbuyo atachoka. Mu 1992 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidaika cholinga choti munthu akhale ndi mano achibadwa ogwira ntchito osachepera 20 moyo wake wonse. Motero bambo kapena mayi amene wazulitsa dzino limodzi lakumapeto, ndipo akutafuna bwino mbali zonse, asadziimbe mlandu akaona kuti ndalama za nandolo za chaka chino zipite ku fizi ya ana. Chofunika nkuti dokotala aone ngati mano otsalawo akhazikika.

Tikayambire kuti?

Dziko lathu lakhala nthaŵi yaitali ndi madokotala a mano ochepa zedi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 17 miliyoni m'Malaŵi, ndipo oposa 350,000 mwa iwo adali m'boma la Chiradzulu, koma pa nthaŵiyo madokotala a mano m'dziko lonse sankafika 50, ndipo onse adaphunzira kunja. Maphunziro a udokotala wa mano adayamba kuno kwathu mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, ndipo mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Amene asenza katundu wamkulu m'zipatala za maboma ndi achipatala a mano ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Iwoŵa amapima, amatsuka, amamata ndi kuzula mano, ndipo ndiwo oyenera kuyamba kuŵaona. Pitani ku chipatala cha boma pa Chiradzulu, akuoneni m'kamwa, ndipo ngati nkhani yanu ikufuna akatswiri adzakutumizani ku Gulupu, ku Queen Elizabeth Central Hospital mu Blantyre. Mukasankha chipatala cholipira, musachite manyazi kufunsa ngati dokotalayo adalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo musalole munthu wosaphunzira ntchitoyi kupala dzino lanu ngakhale atatchula mtengo wokoma chotani.

Mukakhala pampando uja, funsani dokotala akuuzeni mosabisa za mano aŵiri a m'mbali mwa gweru, ngati ali athunthu kapena oonongeka kale, popeza yankho la funso limeneli ndilo limapendeketsa sikelo. Funsani za fupa, ndiponso ngati mwana wasiya kukula. Funsani maulendo angati, mtengo wonse mpaka kumapeto osati wa tsiku loyamba lokha, ndi kumene mudzapite chinthucho chikadzavuta patapita zaka 5. Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Amene akukufulumizitsani kuti mulipire lero lomwe, mumuuze kuti mukafunse kaye kunyumba.

Banja la ku Namitambo lija lidapita naye mtsikanayo ku Blantyre mwezi wotsatira, ndipo adamuumbira dzino lovula. M'khola mudachoka mbuzi imodzi, ndipo agogo adaiŵerengera kwa sabata yathunthu. Amalume adauzidwa pafoni za nsagwada yomwe ikadakula, ndipo atakhala chete pang'ono adati ndalamazo azisunga mpaka mwanayo atakwanitsa zaka 20, pamenepo adzajambulitse fupa nkuona chochita. Bambo ake adalemba dzina la mlatho wa kaphiko uja kuseri kwa buku la kuchipatala, kuti akafunse pa ulendo wotsatira. Mtsikanayo akuphunzira kutchula "s" ndi kambale m'kamwa, ndipo Loŵeruka lapitali pokonzekera nyimbo adaima mzere wachiŵiri.